Mafilimu Atatu a Achimwene

Achimwene anga kuntchito kwawo ankawatchula kuti Akadzidzi. Dzinalo silinali la chikondi ayi. Ankawatchula choncho chifukwa ankakhala m'kachipinda kamdima tsiku lonse, komanso chifukwa akatulukamo n'kulunjika kwa munthu, choko chachikasu chili m'manja, munthuyo ankadziwiratu kuti uthenga ukubwerawo si wabwino. Iwo dzinalo ankalidziwa, ndipo ankaliyankha osakwinya nkhope. Anamwalira chaka chatha, mvula itangoyamba. Ndi iwo amene anandilera makolo athu atatisiya, ndi iwonso amene anachotsetsa ntchito amuna anga, moti ndinakhala zaka khumi ndi zinayi osawapatsa moni. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo sindichotsapo chimodzi pofuna kukometsa mbiri ya malemu.

Ankagwira ntchito pa fakitale yopanga mathanki ndi mapaipi, aja amanyamula nthunzi yotentha ndi gasi. Zinthu zotere zikang'aluka sizidontha ngati ndowa, zimaphulika n'kupha anthu. Ndiye paliponse pamene wowotcherera walumikiza zitsulo ziwiri, pamene eniake amati msoko, pankayenera kuunikidwa mkati. Kunja msoko utha kusalala ngati tsaya la mwana, koma mkati muli mng'alu. Ntchito ya achimwene inali kujambula misokoyo ndi makina a ekisireyi, ofanana ndi aja a kuchipatala ojambulira mafupa, kungoti awa ndi aukali kwambiri poti kuwala kwake kumayenera kudutsa m'chitsulo.

Analowa pafakitalepo ngati wosesa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ine ndili kamwana kongoyamba sukulu. Mkulu amene ankajambula nthawi imeneyo anawaona akusesa kuseri kwa makabati, kumene palibe akanasuzumirako, n'kunena kuti munthu wotereyu tsache likungomuwononga. Anawaphunzitsa zaka zitatu, anakalemba mayeso, ndipo mkuluyo atapuma ntchito kachipinda kamdima kanakhala kawo. Khalidwe la kuntchitolo ankabwera nalo kunyumba. Dzira ankaliunika padzuwa asanagule. Mbale ndikatsuka ankaipendeketsa pazenera, akapeza kamafuta n'kundibwezera osalankhula. Ndinakula ndikuwaopa ndi kuwanyadira nthawi imodzi, ndipo sindikumbuka tsiku limene anandinamiza, ngakhale bodza lotonthozera mwana.

Ndisawanenere zoipa zokhazokha. Anachedwa kukwatira podikira kuti ndimalize sukulu, ndipo makina osokera amene ndikudyera mpaka lero anandigulira ndi iwo, n'kuwasenza okha pamutu kuchokera kusitolo. Kuuma mtima kwawo pantchito kunalinso ndi pochokera. Akali wosesa, thanki ina inaphulika poiyesa, ndipo chitsulo chinapha munthu amene ankagawana naye buledi masana aliwonse. Iwo ndi amene anauzidwa kuti akolope pamalopo. Nkhaniyo anaikamba kamodzi kokha moyo wawo wonse, ndipo anangoti msoko wake kunja unali wokongola.

Ntchito yawo ndinaionapo ndi maso anga, chifukwa pa tchuthi ndinkawapititsira chakudya. Ankajambula masana, anthu onse atatuluka kukadya, poti kuwala kwa makinawo sikuoneka koma kumadya thupi. Ankazunguliza chingwe chokhala ndi tinsanza tofiira, n'kuliza belu katatu, n'kuyendayenda kusuzumira pansi pa mathanki kuopa kuti wina wagonapo. Filimu ankaiika m'kathumba kakuda kosalowa kuwala, pakati pa timapepala tiwiri ta mtovu, tofewa, timene timathandiza kuti chithunzi chituluke bwino. Kathumbako ankakamangirira kuseri kwa msoko. Pambali ankamata zilembo za mtovu zosonyeza nambala ya msoko, tsiku, ndi mwini wake wa ntchitoyo, chifukwa wowotcherera aliyense anali ndi chidindo chake, kachitsulo ka chilembo kamene ankakhoma pafupi ndi msoko wake. Munthu wopanda chidindo sankaloledwa kukhudza paipi. Akatha zonsezo ankathawira kuseri kwa khoma lochindikala n'kusindikiza batani.

Filimu ikatsukidwa n'kuuma ankakhala nayo pansi m'kachipinda kaja. Munali mpando umodzi, tebulo, ndi bokosi la galasi loyera lokhala ndi getsi mkati. Ankayamba akhala kaye mumdima mphindi khumi manja ali pamaondo, kuti maso azolowere, ndipo ukawafulumizitsa ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pafilimu msoko umaoneka ngati kanjira koyera. Timadontho takuda ndi mpweya wotsekeredwa mkati, koma kamzere kakuda kopyapyala ngati tsitsi ndiko mng'alu, ndipo mng'alu ulibe chikhululukiro. Achimwene anali ndi lamulo lawolawo limene silinalembedwe m'buku lililonse. Akaona kamzere sankathamangira choko. Ankatenga filimu ina, kathumba kena, n'kukajambulanso mawa lake, chifukwa nthawi zina chilema chimakhala cha filimu, osati cha chitsulo. Mzere ukabweranso kachiwiri m'pamene ankatuluka ndi choko. Owotcherera ankadana nawo, koma palibe ankati Akadzidzi amanamizira munthu.

Amuna anga ndinawadziwira komweko. Anali wowotcherera mapaipi ang'onoang'ono, aja ovuta, oti munthu amawotcherera atagona chagada, pena akuyang'anira pa kagalasi. Anzawo ankawatchula kuti Atelala, poti misoko yawo inkayenda bwinobwino ngati ya makina osokera. Ine ndinali nditayamba kusoka zovala pakhonde, ndiye titakwatirana pafakitale ponse panamveka kuti telala wakwatira telala, ana adzabadwa ndi sizasi m'manja. Anali munthu wa nthabwala, woimba akamagwira ntchito, ndipo ankalemekeza achimwene ngati bambo awo owabereka. Achimwene nawo ankawakonda alamu awowo, ngakhale chikondi cha achimwene unkachita kuchifunafuna ndi nyali.

Koma panamvekanso mawu ena. Tsiku lina kumpopi, anthu akusamba m'manja, wowotcherera wina ananena mokweza kuti tsopano Atelala ali pabwino, atha kumata mapaipi ndi matope misoko n'kupambana, poti kadzidzi salira padenga la mlamu wake. Anthu anaseka n'kuiwala. Achimwene anali kuseri kwa chitseko, sanaseke, ndipo sanaiwale. Zimenezi ndinadzazimva patapita zaka zambiri. Chimene tinaona nthawi imeneyo n'chakuti kuntchito anasiya ngakhale kukhala benchi limodzi ndi alamu awo pomwa tiyi.

Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa amuna anga osalembedwapo choko. Kenako m'chaka chimodzi analembedwa katatu. Ulendo woyamba anabwera kunyumba akuseka, akuti tsiku silifanana ndi linzake. Msoko wolembedwa choko mwini wake amaukumba ndi gulayinda, makina opala chitsulo, pang'onopang'ono mpaka aupeze mng'aluwo, kenako n'kuwotchereranso. Iwo anakumba mpaka kubowola, mng'alu osauona. Anati mwina unali waung'ono, gulayinda yaumeza. Anawotchereranso, achimwene anajambula, filimu inatuluka yoyera, ndipo aliyense anati basi, chilema chinalipo, chachoka.

Ulendo wachiwiri, patapita miyezi inayi, sanaseke. Anakhala pakhonde n'kumayang'ana dzanja lawo lamanja, kulitambasula, kulifumbata, kulikweza m'mwamba kuona ngati likunjenjemera. Anasiya tiyi, anasiya kamowa ka Loweruka, anasiya kuimba. Anandipempha singano kuti aziyesa kulowetsa ulusi m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, ndipo ankalowetsa ulendo umodzi, ine telala weniweni ndikunyambita ulusi katatu. Ulendo wachitatu unafika chaka chisanathe. Lamulo la fakitale linali lakuti ming'alu itatu m'chaka chimodzi, chidindo chimalandidwa. Kapitawo anawaitanira mu ofesi, anatambasula dzanja, iwo n'kuikamo kachitsulo kaja kamene anayenda nako m'thumba zaka khumi ndi ziwiri. Anawauza kuti atha kutsala ngati wonyamula zitsulo. Anakana, anatenga chipewa chawo cha galasi lakuda n'kubwera kunyumba dzuwa lili pamutu.

Madzulo omwewo ndinapita kwa achimwene, mwana wachiwiri ali kumbuyo. Ndinawapeza pakhonde akupukuta magalasi awo. Sindinakhale pansi. Ndinawakumbutsa kuti munthuyo ndi bambo wa ana a mlongo wawo, kuti anakumba katatu osapeza kanthu, ndipo ndinawapempha, ine wosadziwa kupempha, kuti akayang'anenso. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, monga ankachitira nthawi zonse, kenako anavala magalasi aja.

"Chemwali, filimu ilibe mlamu."

"Nanga inu, achimwene, muli naye?"

Alamu anga, akazi awo, anatuluka ndi mpando, koma ine ndinali nditafika kale pageti. Panjira ndinalumbira kuti phazi langa silidzapondanso pakhomopo, ndipo ine ndikalumbira sindisewera. Amenewo ndi matenda a kwathu, tonse awiri tinayamwa bere limodzi.

Nkhani ya chidindo imayenda msanga kuposa mwini wake. Mafakitale ena awiri a m'tauni mwathu anawabweza amuna anga pageti pomwe. Anatsegula kashedi m'mphepete mwa msewu, pafupi ndi okonza matayala, n'kuyamba kuwotcherera mageti, zitsulo za m'mazenera, miyendo ya mabedi ndi mawilibala othyoka. Ndi njala sitinagone nayo, ndisaname. Koma munthu amene ankasoka mapaipi a nthunzi, kumuona akumata chogwirira cha poto, mtima unkandiwawa tsiku ndi tsiku. Galasi la chipewa chija litasweka anayamba kuvala magalasi a dzuwa a pamsika, ngati anzawo a m'mbali mwa msewu, ndipo nthawi zambiri ankabwera maso ali psuu, akutuluka misozi ngati mwalowa mchenga. Ndinalongolola mpaka kukamwa kunauma. Ankangoti ntchito ya mageti siifuna maso ambiri.

Chimene chinkandipsetsa mtima koposa n'chakuti sanawadandaule achimwene ngakhale tsiku limodzi. Ndikayamba kuwanyoza ankandidula, amvekere alamu sanama, ngati anaona mng'alu ndiye kuti unalipo. Anakhulupirira ndi mtima wonse kuti dzanja lawo lili ndi chilema chobisika chimene iwo eni sakuchimva. Mwini hotela ina anabwera kudzawapempha kuti akamulumikizire mapaipi a gasi kukhitchini, ntchito yabwino ndithu, iwo anakana, akuti sakufuna kupha ana a eni. Mwana wathu woyamba atakula anafuna kuphunzira ntchito ya bambo ake. Anamukaniza, akuti angamupatsire dzanja loipa, ndipo mwanayo lero amayendetsa minibasi. Zonsezi ine ndinkaziunjika pamutu pa achimwene, chimodzi pamwamba pa chinzake.

Achimwene nawo zaka zimenezo sizinawakomere, ndinkamva kwa anthu. Anapitiriza kukhala mumdima mwawo, tsitsi likuyera, magalasi akunka nachindikala. Chaka chilichonse sukulu zikamatsegulidwa ankatumiza nsapato za ana anga, saizi yake yeniyeni, kaya ankaidziwa bwanji, ndipo chaka chilichonse ndinkazibweza. Wokonza matayala uja anandiuza kuti nthawi zina poweruka achimwene ankatsika basi siteji isanakwane, n'kuima tsidya lina la msewu kumaonerera moto wa pashedi, kenako n'kumapita wapansi osawoloka. Ndinamuyankha kuti msewu ndi wa aliyense. Akazi awo atamwalira ndinapita, poti chibale ndi fupa, koma ndinakhala kumbuyo, ndinapepesa ana awo, achimwenewo n'kuwadutsa ngati mtengo. Amuna anga ndi amene anakhala pambali pawo mpaka zonse zinatha. Lero ndikakumbuka ndimachita manyazi, koma nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndikuchita chilungamo.

Achimwene anabwera Loweruka lina m'mawa, m'chaka chakhumi ndi chinayi. Ndinali pamakina pakhonde, ndikupinda siketi ya sukulu. Nditadzutsa mutu ndinaona nkhalamba itaima pageti, itavala jekete dzuwa likuswa mtengo, envulopu yaikulu yakhaki ili kukhwapa. Ndinachita kuyang'anitsitsa kuti ndiwazindikire. Sanaodire. Anangoima pamenepo mpaka amuna anga, amene anali atasiya kupita kushedi chifukwa maso anali atachita chifunga, anafunsa kuti kodi pageti pali ndani. Nditawauza anadzuka n'kupapasa mpando wawo womwe kuti apatse alendo. Achimwene anaukana mpandowo. Anati zimene abwera nazo n'zonena ataimirira.

Anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pansi. Fakitale inali itagula makina atsopano oonetsa chithunzi pakompyuta, ndipo mafilimu akale, odzaza chipinda chonse, anati atayidwe. Iwo poti anali atatsala mwezi umodzi kuti apume, anapatsidwa ntchito yowasankha. Akuti mafilimu a alamu awo sanachite kuwafuna, ankadziwa shelefu yake monga munthu amadziwira dzino lomupweteka. Anawatulutsa onse atatu, ndipo kwa nthawi yoyamba anawaika pagalasi limodzi. Kale lonse anawaona imodziimodzi, motalikirana miyezi. Kamzere ka pa filimu yoyamba kanali ndi timphanda titatu kumapeto, ngati phazi la nkhuku. Ka pa yachiwiri chimodzimodzi. Anasanjikiza mafilimu atatuwo, ndipo mizere itatu inakhala mzere umodzi, osasiyana ngakhale pang'ono. Mapaipi atatu osiyana sangang'aluke mofanana choncho.

Anakhuthula makatoni mpaka anapeza kathumba kamene anajambulira mafilimuwo. Kanali kamodzi mwa timatumba tifupitifupi ta mapaipi ang'onoang'ono, amene pafakitale ponse ankawotcherera ndi amuna anga okha, ndipo kameneka kanali kapadera, kongotengedwa tinzake tikatha. Pa kapepala ka mtovu ka mkati mwake panali pokandika, mwina ndi kamchenga, mwina ndi chikhadabo chawo chomwe. Kukandikako n'kumene kunkadinda mzere pafilimu. Phazi la nkhuku linali pamenepo.

Funso limodzi linandituluka lokha. Ndinawafunsa za lamulo lawo lija, lojambula kawiri, limene ndinkalidziwa kuyambira ndili mwana.

"Aliyense ndinkamujambula kawiri," anatero. "Alamu okha ndi amene sindinawajambule kawiri. Ndinkaopa kuti anthu aziti Kadzidzi akufunira mlamu wake pothawira."

M'pamene anatiuza za mawu a kumpopi aja. Ndinaimirira, siketi ija inagwa pansi. Ndinawauza zonse zimene ndinasunga zaka khumi ndi zinayi, za mageti, za mwana wa minibasi, za maso, ndipo sindinasankhe mawu. Ndinati anapereka banja la mlongo wawo kuti asunge dzina labwino kwa anthu osamba m'manja pampopi. Sanadziteteze. Anati ndi zoona, n'kuwonjezera kuti apita kale kwa mabwana, alemba kalata yovomera kulakwa kwawo, ndipo chidindo chibwezedwa. Ndinaseka kuseka koipa. Ndinawafunsa kuti chidindo achita nacho chiyani munthu wosaona nkhope ya mkazi wake ali naye tebulo limodzi, kodi iwo ndi ukalamba wonsewo sakudziwa kuti madzi akatayika saoleka.

Kenako amuna anga anapempha kuti aone mafilimuwo. Achimwene anawakweza kudzuwa n'kumaloza ndi chala, apa alamu, apa, koma iwo anangotsinzina, kupendeketsa mutu uku ndi uku, n'kunena kuti akungoona mdima wokhawokha. Ndiye achimwene anatulutsa kapepala ka mtovu kaja mu envulopu, anakayala pa tebulo langa lodulira nsalu, anagwira chala cha alamu awo n'kuchiyendetsa pamwamba pake. Chalacho chinapita, chinabwerera, kenako chinaima. Ndinachiona chikutsata kamzereko chokha mpaka kumapeto, n'kukhudza timphanda titatu tija kamodzikamodzi.

"Ndaupeza," anatero amuna anga motsitsa mawu. "Ndinaufuna katatu ndi gulayinda. Kani unali kuno."

Chala sanachichotse pamenepo. Kenako anafunsa ngati ndiye kuti misoko ija inali yabwino, ndipo achimwene anati inali yabwino. Anafunsanso kuti yonse itatu, achimwene anati yonse itatu, ndipo m'zaka zonse zimene agwira ntchito sanaonepo yoposa imeneyo. Amuna anga anatembenuza dzanja lawo lamanja n'kumalisisita, ngati m'bale amene anamuthamangitsa pakhomo popanda mlandu. Misozi inkatsika, koma maso awo ankatuluka misozi masiku onse, ndiye sindinadziwe kuti iyi ndi iti.

Ndinkayesa kuti zathera pamenepo. Koma amuna anga anandituma kuti ndikatulutse makina awo owotcherera, amene tinawasunga kuseri kwa kabati, ndi tizidutswa tiwiri ta paipi timene okonza mpopi anasiya kuseri kwa bafa. Zaka khumi ndi zinayi zonsezo anali asanakhudze paipi. Ndinakana, ndinati nanga maso, koma achimwene anali atavula kale jekete. Anatulutsira makinawo pabwalo, analumikiza mawaya, anagwada n'kugwira tizidutswato ndi chopanira, nkhope atatembenuzira kumbali. Nkhalamba ziwiri, ina yosaona n'komwe, zikuseweretsa moto pabwalo langa. Amuna anga anayamba kuimba chapansipansi, nyimbo imene ndinali nditaiwala kuti amaidziwa. Dzanja linkayenda mosagwedera, ngakhale ine ndinaona. Koma linkayenda pambali pa mpata, chifukwa maso sankaliuza pamene mpatawo uli. Nyimbo inatha msoko usanathe.

Chitsulo chitazizira achimwene anachinyamula, anachitembenuza padzuwa, anavala magalasi, anawavulanso. Msoko unali wokhota, wamabowo, theka lake lili pa chidutswa chimodzi chokha. Ngakhale wophunzira wa sabata imodzi akanaubisa.

"Uli bwanji, alamu?" anafunsa amuna anga.

Achimwene anayang'ananso msokowo. Ndinawaona akulimbana ndi pakamwa pawo, munthu amene ndili mwana sanandiuzepo ngakhale kuti jakisoni sapweteka.

"Wabwino, alamu. Wapambana."

Amuna anga anatambasula dzanja, analandira paipiyo, n'kuyendetsa chala chomwe chija pamsokopo kuchokera poyambira mpaka pothera. Anaiika pansi bwinobwino.

"Mwayamba liti kunama, alamu?" anatero. "Musayambe lero. Ine ndinakhulupirira inu, n'kusiya dzanja langa lomwe."

Achimwene anakhala pansi pafumbi pomwepo, ndi thalauza lawo losita, n'kulira mokweza ngati mwana. Ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale tsiku limene amayi anatisiya. Amuna anga anapapasa mpaka anapeza phewa lawo, n'kuika dzanja pamenepo. Ine ndinalowa m'nyumba kukatereka madzi a tiyi, ndipo ndinatulutsa makapu atatu.

Chidindo chinafika patapita milungu isanu, pamodzi ndi kalata yopepesa ya mizere inayi. Amuna anga sanachikhomepo paliponse, chili m'kabati ya makina anga pamodzi ndi mabatani. Mafilimu atatu aja ali pansi pa sutikesi. Achimwene ankabwera Loweruka lililonse kwa miyezi isanu ndi iwiri imene inawatsalira, n'kumakhala pakhonde ndi alamu awo osalankhula zambiri. Tiyi ndinkawapatsa, moni ndinkawayankha, kolala ya malaya awo itatha ndinawatembenuzira osandipempha. Mawu oti ndakukhululukirani ndinkati ndidzanena Loweruka linalo, mtima ukadzatsika pang'ono, ndipo sindinawanene.